Geji ya oyilo yagwa nditasiya SAE 40, ndibwerere kapena ayi?

Mwini Benz, Limbe
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Benz 1113 ya injini ya OM352. Ndimanyamula simenti ndi feteleza kupita ku Chikwawa ndi Nchalo, pobwera ndimatenga nandolo kapena thonje. Amene anandigulitsa ankathira SAE 40 zaka zonse, inenso ndinangotsata. Mwezi watha 40 inasowa pomwe ndimagula, ndiye pa sevisi ndinathira 15W-40 ya dizilo ndi fyuluta yatsopano. Masiku oyamba ndinakondwa, m'mawa inkalira msanga. Koma tsopano ndikakwera chitunda cha Thabwa ndi katundu n'kuima pamwamba, singano ya geji ya pulesha ya oyilo ikugwera pansi, theka la bar osafika. Kale inkaima pa 1. Anzanga pa siteji akuti injini ndaipha ndi oyilo wa magalimoto amakono. Nditaye ameneyu ndibwerere ku 40?

Dalaivala, Nchalo
Bwererani achimwene, lero lomwe. Kuno mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, phula limachita kumata matayala. 15 ameneyo akatentha amakhala madzi enieni. Fuso yanga yakale ndimaipatsa 40 basi.

Mayi wa shopu ya sipeya, Lilongwe
Bambo a ku Nchalo, pepani, pamenepo ndikutsutsani pang'ono, chifukwa funso ili ndimaliyankha tsiku ndi tsiku pa kauntala. 15 wa kutsogoloyo sakunena za injini yotentha. W akuimira winter, kutanthauza nyengo yozizira, ndipo nambala imeneyo ikunena mmene oyilo amayendera kukazizira. Ya kutentha ndi 40 wa kumapetoyo. Pa madigiri 100, kaya ndi SAE 40 kaya ndi 15W-40, onse ayenera kukhala pakati pa 12.5 ndi 16.3 cSt (muyeso wa kulemera kwa oyilo), apo ayi saloledwa kulembedwa 40. Kusiyana kwawo kumaonekera m'mawa. Kagoneni ku Dedza mu Juni n'kuyesa kutsanula SAE 40, imatuluka ngati uchi, ndipo injini imazungulira kaye oyilo asanafike kumwamba ku matapeti.

Bambo a ku Limbe, funso langa ndi lina. Munagula chigubu chomata kapena wopimitsa wa m'mabotolo? Ndipo kumbuyo kwalembedwa API yanji, zilembo zija zosonyeza ngati oyilo ndi wa dizilo kapena wa petulo?

Mwini Benz, Limbe
Chomata mayi, cha malita 20, ndinatsegula ndekha. Palembedwa CI-4.

Mayi wa shopu ya sipeya, Lilongwe
Ndiye oyiloyo ndi woyenera dizilo. Mlandu musafulumire kumuika pa iye.

Makanika, Ndirande
Achimwene, musanataye kanthu, ndiyankheni ziwiri. Geji mukuwerengayo ndi ya pa dashibodi? Chifukwa ya zaka zambiri imanama, tiyenera kumanga geji ya paipi pa injini penipeni. Chachiwiri, chithirireni oyiloyu mwawonjezera kangati?

Mwini Benz, Limbe
Geji ndi ya pa dashibodi. Kuwonjezera sindinawonjezereko ngakhale kapu. Ndi 40 ndinkathira lita imodzi maulendo awiri alionse. Pano sakutsika, m'mawa uno ndaona ali pamwamba pa chizindikiro pang'ono. Ndimati mwina ndiye ubwino wake wa oyilo watsopanoyu.

Makanika, Ndirande
Iiii ayi achimwene, imitsani galimoto. Injini yomwe inkadya lita maulendo awiri singaleke kudya tsiku limodzi, ndipo oyilo saberekana mu sampu. Ngati akukwera, pali chomwe chikulowamo. Solani dipstick mununkhize. Kenako dontheletsani dontho limodzi pa pepala loyera, mulisiye maola awiri kapena atatu. Mukaona pakati pakuda koma kunja kwatuluka mkombero waukulu wotuwa wofalikira msanga, ameneyo ndi dizilo. Akanakhala madzi, oyilo akanasanduka ngati tiyi wamkaka.

Ndiuzeninso, tsiku la sevisi anakhudza china chilichonse pamutu pa injini?

Mwini Benz, Limbe
Eya. Anazula ma injekita onse 6 kukawayeza, anatchunanso matapeti. Ndanunkhiza tsopano, fungo la dizilo lilipo ndithu, ndipo akudontha pa dipstick ngati mafuta ophikira otentha.

Madala a galaja, Kanengo
Ndakhala ndikungowerenga. Mnyamata wa ku Ndirande waigwira pakhosi. OM352 ma injekita ake ali mkati, pansi pa kava ya matapeti, pamodzi ndi kapaipi kobweza dizilo wotsala. Pa injini zambiri kapaipi kameneka kali kunja, kakachucha mumaona ndi maso. Pa Benz imeneyi kakachucha, dizilo amatsetserekera mu sampu mwakachetechete. Nthawi zambiri chimakhala kuti womanga wabwezeretsa mawashala akale a mkuwa, kapena wakunga mopitirira n'kusweka kapaipi pakhosi. Tsegulani kava, pukutani pouma, lizani injini pang'onopang'ono mukuyang'ana pa mutu wa injekita iliyonse. Pakapanda kuoneka kanthu, pitani ku kapampu kokoka dizilo ka pambali pa pampu yaikulu, nakonso kamatha kulowetsa.

Ndipo mwana wanga, yamikani kuti munafunsa. Mukanangothira 40 singano ikanakwera sabata imodzi kapena ziwiri, inu n'kumati mwachiza, dizilo akupitiriza kutsuka ma bearing. Tikanakumana pogaya crankshaft.

Dalaivala, Nchalo
Za dizilo ndavomera madala. Koma ine Fuso yanga nditayesa 15W-40 inayamba kudya oyilo ndi kutulutsa utsi wabuluu, nditabwerera ku 40 zinachepa. Zimenezo ndinaziona ndi maso anga.

Madala a galaja, Kanengo
Sindikukana, mwaona zoona. Kuti 15W-40 akhale wopepuka kukazizira n'kukhalabe 40 kukatentha, amayambira pa oyilo wopepuka n'kuikamo mankhwala omulimbitsa akatentha. Mankhwalawo amaduka pang'onopang'ono ndi ntchito, makamaka mu oyilo wotchipa kapena wokhalitsa. SAE 40 alibe zimenezo, kulemera kwake n'kwachibadwa. Ndiye injini yoti ma ring atha, ma bearing akula, 40 imaibisa matenda n'kuikankhira patsogolo miyezi ingapo. Kwa inu a kuchigwa komwe sikuzizira, ngati ndalama ya ovaholo sinakwane, thirani 40 koma ikhale ya dizilo, yolembedwa CF. Ma 40 ena a pamsika alibe mankhwala ogwira mwaye, ndipo injini ya dizilo imapanga mwaye wambiri. Ingodziwani kuti mukugula nthawi, ma ring akudikirabe.

Pomwe sindilola multigrade (oyilo wa manambala awiri ngati 15W-40) ndi pa injini ya Detroit ya two-stroke, ma 6V71, 8V71 ndi 6V92 aja, omwe tinkawaona m'mathiraki ena a ku America ndi m'majenereta. Amenewo kampani yake inalamula SAE 40 ya phulusa lochepa, CF-2. Mukathira 15W-40 mumaononga ma liner. Ndikuganiza kuti mantha ambiri a multigrade anachokera kumeneko, n'kufalikira ku injini zonse zakale. Koma OM352 ndi four-stroke, nkhani yake ndi ina.

Makanika wa ku Joni
Ndigwirizane ndi madala. Kuno injini yomweyi inkapangidwa ku Atlantis pafupi ndi Cape Town, timaitcha ADE 352. Zilipobe m'mafamu ndi m'magalimoto onyamula madzi, ndipo zomwe zimabwera pa galaja pathu timathira 15W-40. Chimodzi chokha ndiwonjezere. Injini yomwe yakhala pa 40 wamba zaka zambiri imakhala ndi matope mkati. CI-4 amatsuka kwambiri, ndiye matopewo amasunthika n'kukadzaza fyuluta. Ine sevisi yoyamba pambuyo posintha ndimaichita pa theka la mtunda wa nthawi zonse. Ma seal ouma omwe ankatsekedwa ndi litsiro nawonso amayamba kunyowa, eni ake n'kumati oyilo waboola.

Wophunzira umakanika, Zomba
Pepani abwana, ndifunse nawo. Uli pamsewu oyilo watsika, mu injini muli 15W-40 koma pogulitsira oyilo pali SAE 40 yokha. Ungathire?

Makanika, Ndirande
Thira mphwanga, bola akhale wa dizilo. Amasakanikirana bwinobwino, ndipo sampu youma ndi yomwe imapha injini. Ukafika udzasinthe pa nthawi yake. Chomwe usachite ndi kuthira wa petulo yekha kapena wa giyabokosi poti pa chigubu pali nambala yaikulu.

Mwini Benz, Limbe
Ndabwera ndi zotsatira. Tinatsegula kava dzulo ndi makanika wina wa kuno. Pa injekita yachinayi dizilo ankachita kutuluka timadontho, washala anali wakale wophwatalala, ndipo awiri ena analinso akale. Tasintha onse ndi atsopano. Oyilo tataya yense, anadzaza ndowa kuposa amene ndinathira. Zandiwawa chifukwa sanayende ndi mwezi womwe, koma ndathira 15W-40 wina ndi fyuluta ina. Tinamanganso geji ya paipi monga ananenera achimwene a ku Ndirande, ndipo yapezeka kuti ya pa dashibodi ikuwerenga motsikirapo pang'ono. Lero ndakwera Thabwa ndi matumba a nandolo. Pamwamba, injini yotentha ikulira payokha, geji ya paipi inaima pa 1.2, ndikaponda ikudutsa 3.

Madala a galaja, Kanengo
Zikomo pobwera kudzatiuza. Ma bearing apulumuka, koma anamwa dizilo masabata angapo, ndiye musawakhulupirire msanga. Geji ya paipiyo ikhale pomwepo mwezi wonse. Dipstick muziiona m'mawa uliwonse galimoto ili pamalo athyathyathya, ndipo muzilemba m'kabuku. Pa sevisi ikubwerayi fyuluta yakale musataye, muitsegule muyang'ane m'mapepala ake padzuwa. Mukaona tinthu tonyezimira ngati mkuwa, jambulani mutitumizire pano tisanakambe za ulendo wina wa ku Nchalo.