Chaja ya RV ikuchedwa pa jenereta

Abale, chaja ya mu RV yanga (galimoto yokhala ngati kanyumba, yogonamo pa ulendo) imangokhala pa 13.6V basi, jenereta imalira tsiku lonse petulo nkumatha koma mabatire osadzadza. Ndingaisinthe kuti izithamangako?

— Achimwene 13.6V njochepa, mabatire a lead-acid amafuna pafupifupi 14.4V kuti alowetse moto msanga. Machaja ena ali ndi batani la boost lokwezera voteji, mwayang'ana?

— Musanatsegule chaja yezani voteji pa batire penipeni, waya akakhala woonda komanso wautali mphamvu imathera mnjira. Ine ndinangoika waya wonenepa zinasintha.

— Koma osaisiya pa 14.4V mpaka kalekale, madzi amauma mbatire komanso pamatuluka hydrogen, mpweya wosachedwa kuyaka. Ndiye likafika cha ku 80% limachedwabe olo mutani, ine ndimangozimitsa jenereta pomwepo.

— Zikomo, ndiyamba ndi wayayo.