Kachipinda koyanikira: mabedishiti akununkha chuku, tikonze pati?

Zuze, Nchalo: Akuluakulu thandizeni msanga. Mwini malo ogona alendo akufuna kasitolo ka mamita 2 ndi 2.5 kakhale koyanikira mabedishiti m'dzinja muno. Mawaya anayi ndakunga, windo ndi limodzi la louvre, chitseko chimafika mpaka pansi. Nsalu sizikuuma, zikununkha chuku, khoma likuchita thukuta, penti yayamba kusupuka. Ndiike fani ya m'siling'i?

Fatsani wamagetsi: Fani yokha ingozunguza mpweya wonyowa womwewo, achimwene. Bedishiti lofinya pamanja limatsala ndi madzi pafupifupi lita imodzi. Mukayanika khumi ndiye theka la ndowa, ndipo madziwo ayenera kutuluka m'chipindamo. Boolani khoma lakunja pafupi ndi siling'i, muike extractor, fani yokokera mpweya kunja, ya mainchi 6. Chitseko mudule masentimita 3 m'munsi, kapena muike ma airbrick awiri, njerwa zamabowo, m'munsi mwa khoma loyang'anizana ndi extractor. Louvre ikakhala pafupi ndi extractor muzitseka, apo ayi mpweya uzingolowa pawindo n'kutuluka osakhudza nsalu. Musatulutsire m'siling'i, bodi imafufuma, matabwa amaola. Switch ikhale kunja kwa chipinda, pa DB, bokosi logawa magetsi, pakhale earth leakage ya 30mA, yozimitsa magetsi akayamba kudutsa polakwika.

A Alufandika, Bangula: Mukungotaya ndalama za mwiniwake. Januwale kuno kuchigwa mpweya wapanja nawonso ndi wonyowa, ndiye mukukokera chiyani mkatimo? Mangani shedi ya malata owala apulasitiki kuseri, mbali zonse pululu.

Fatsani wamagetsi: Wapanjawo ndi wonyowa inde, koma sufika pa wa m'chipinda chotseka chodzaza nsalu. Bola uziyenda.

Mayi Nyamazawo, ochapa, Ngabu: Bambo Zuze, mawaya mwatalikitsa bwanji? Akhale masentimita 20 pakati pake, bedishiti lililonse pawaya wakewake, osasanjikiza. Madzi a mijigo yambiri kuno ndi amchere, waya wamba sachedwa kuchita dzimbiri, ndipo dzimbiri pansalu yoyera silichoka ndi sopo. Gulani wokutidwa ndi pulasitiki. Mutsuke kawiri, chifukwa sopo wotsalira amawonjezera fungo lija. Mbaula yamakala asayerekeze kulowetsamo kuti ziume msanga, mpweya wake umapha munthu osamva fungo lililonse.

A Alufandika, Bangula: Nanga magetsi akazima extractor yanuyo igwira ndi chiyani? Shedi safuna mayunitsi.

Mayi Nyamazawo, ochapa, Ngabu: Mu shedi ntchentche zimaikira mazira pansalu yonyowa, mlendo n'kutuluka mphutsi pamsana. Zoyanika kumeneko muzisita mbali zonse ndi simbi yotentha bwino.

Tchale, mmisiri, Chikwawa boma: Funso langa ndi khoma. Njerwa anamangira simenti kapena dothi? Ngati ndi dothi, misomali ndi ma plug ogwira masikuluwu m'khoma zizuka tsiku lomwe adzayanike mabulangete. Dutsitsani threaded rod ya M10, chitsulo chamazinga cha mamilimita 10, khoma lonse, kunja washer yaikulu, mkati angle iron ya mamilimita 40 ndi 40 yoboola mabowo a mawaya. Thabwa ayi, chinyezi ndi chiswe zilimaliza. Penti ya PVA ipaleni yonse, tsukani chuku ndi Jik gawo limodzi m'magawo anayi a madzi, khoma liume kaye, kenaka undercoat ndi gloss. Mukapaka pakhoma lonyowa idzatupa matuza. Pansi screed, simenti yosalazira, itsetserekere ku floor drain, bowo lotulukira madzi, masentimita 2 pa mita, ndipo drain ikhale ndi trap, paipi yopindika yosunga madzi, kuti fungo ndi mphemvu zisabwerere. Pa ma airbrick pakhale gauze, udzudzu wakuno mukuudziwa.

A Alufandika, Bangula: Rod, screed, gloss, extractor, waya. Werengerani zonsezo muone ngati sizipitirira mapaipi anayi ndi malata asanu ndi limodzi. Ine ndati shedi.

Tchale, mmisiri, Chikwawa boma: Malata owala otchipa aja dzuwa la Okutobala kuno limawaumitsa mpaka kusweka ngati chigoba cha dzira, akulu. Ndipo mvula yamphepo imalowa cham'mbali.

Fatsani wamagetsi: A Tchale, ma rod a galvanised akupezeka ku Nchalo konkuno, kapena mpaka ku Limbe?