Mbande za Myosotis alpestris zikuola pa tsinde

Mayi Nachisale: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndinaokera mbande 40 za Myosotis alpestris m'munda wa kasitomala, timaluwa tabuluu tija tokhala ndi kadiso kachikasu pakati. Zinagwira bwino, koma pano 15 zafa. Ndikazula ndikupeza mizu yada, pa tsinde pafewa. Zotsalazo masamba ayera ngati wina wawaza phulusa. Bedi ndinaika manyowa okwanira ndipo ndimathirira madzulo aliwonse. Zikundiwawa chifukwa ndinazilera ndekha kuchokera ku njere.

Bambo Gondwe: Pepani mayi. Tisanapite patali, zatalika bwanji? Ndikufunsa chifukwa njere zambiri zolembedwa alpestris pa paketi zimakhala za Myosotis sylvatica, ya m'nkhalango, imene imafika masentimita 30 ndipo nthaka yachonde imaikonda.

Mayi Nachisale: Ndi zazifupi, sizinapitirire masentimita 15. Zimangounjikana pansi.

Bambo Gondwe: Ndiye ikuoneka kuti ndi yeniyeni, ndipo yaphedwa ndi bedilo. Kwawo kwa duwa limeneli ndi kumapiri ataliatali ngati a Alps ndi Pyrenees ku Ulaya, pakati pa miyala. Chipale chikasungunuka madzi amangodutsa, saima. Mizu imafuna chinyontho ndi kuzizira, koma khosi la mbewu, pamene tsinde limakumana ndi mizu, likhale louma. Manyowa anuwo akusunga madzi pakhosipo usiku wonse. Ine ndinataya thireyi yathunthu mwanjira yomweyi ndisanazindikire, ndiye ndikudziwa mmene mukumvera. Zulani zamoyozo lero ndi dothi lake, mukweze bedi, musakanize theka dothi theka mchenga wokhakhala ndi timiyala. Pookera musakwirire khosi, muzungulize timiyala basi. Feteleza ayi, amangozitalikitsa n'kuzifooketsa.

Chisomo: Ndiwonjezereko akuluakulu. Zoyerazo ndi chuku, matenda ena osiyana ndi kuolako. Chimakonda mbewu zothithikana, pamene mphepo sidutsa. Dulani masamba ogwidwawo mukawotche, asalowe mu kompositi. Talikitsani mbande ndi masentimita 15 mpaka 20, muzithirira mmawa, pansi, osati pamasamba.

Mayi Nachisale: Zikomo mwanawe. Nanga dzuwa? Bedili limaombedwa tsiku lonse.

Chisomo: Kumalo ozizira silivuta, koma ngati masana kukutentha, zipezereni pamene pamafika dzuwa la mmawa lokha.

Bambo Gondwe: Kasitomalayo mumuuziretu kuti duwali silikhalitsa, zaka ziwiri kapena zitatu latha. Maluwa akafota asadule onse. Ena asiye akhwimitse njere, zidzagwera m'timiyalamo n'kumera zokha.

Mayi Nachisale: Ndapeza malo kum'mawa kwa mpanda. Ndazula 25 zija, zitatu mizu yake yada kale ndiye ndataya. Mchenga ndikusefa panopa. A Gondwe, timiyala ta pakhosi tikhale tokhuthala bwanji?

Bambo Gondwe: Masentimita awiri akwana. Masamba apansi azigona pa miyala, asakhudze dothi.