Hematocrit ya 52 mwa wothamanga wanga: ndikondwere kapena ndide nkhawa?

Mphunzitsi wa othamanga, Matero:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Ndili ndi mnyamata wothamanga mamita 10,000 amene sabata yatha ndinamutumiza kukayezetsa magazi titangoweruka pabwalo masana, ndipo zotsatira zinaonetsa hematocrit ya 52 peresenti, kutanthauza gawo la magazi limene ndi maselo ofiira. Mnzanga wina akuti ndikondwere, poti maselo ofiira akachuluka amanyamula okosijeni wambiri, koma zimene ndikuona ndi maso anga ndi zina. Chiyambireni dzuwa la Okutobala lino kuswa mtengo, mnyamatayu akumafooka m'maraundi omaliza, mtima ukumagunda mofulumira kuposa kale ngakhale liwiro lili lomwelo, ndipo madzulo akumadandaula mutu.

Mayi woyeza magazi m'labu, Kabwata:
Aphunzitsi, vuto loyamba ndi nthawi imene munamutumiza. Tikazunguza magazi m'makina, maselo ofiira amadikha pansi pa kabotolo, pamwamba n'kutsala madzi achikasu amene timawatcha plasma. Hematocrit imangotiuza gawo la kabotolo limene lafiira. Munthu akataya thukuta lambiri, madzi achikasu aja amachepa, choncho nambala imakwera popanda selo limodzi lowonjezereka. N'chifukwa chake malamulo a WADA, bungwe la padziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, amafuna kuti papite maola awiri wothamanga atamaliza masewera, ndiponso akhale pansi mphindi 10, magazi asanatengedwe. Mubwere naye m'mawa, atagona bwino ndiponso atamwa madzi monga mwa masiku onse.

Mphunzitsi wa opalasa njinga, Chilenje:
Kwathu ku njinga nambala imeneyo imatiopsa, chifukwa mu 1997 bungwe la UCI, loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, linalamula kuti mwamuna wopitirira 50 peresenti asalowe mumpikisano, nthawi imene mankhwala a EPO, ochulukitsa maselo ofiira, anali atafala. Achimwene, kodi simungamupatse aspirin kuti magaziwo asungunuke?

Dokotala wa timu ya mpira, Woodlands:
Za aspirin ndikukana ndithu. Mankhwalawo amangolepheretsa timaselo toundanitsa magazi kumatana, sachepetsa kukhuthala, ndipo mwa munthu wothamanga mtunda wautali m'mimba muli mouma akhoza kuyambitsa zilonda za m'mimba.

Aphunzitsi a ku Matero, mnzanu uja sananame kotheratu, koma anangoona mbali imodzi. Okosijeni wofika ku minofu amadalira zinthu ziwiri: kuchuluka kwake m'lita iliyonse ya magazi, ndi malita amene mtima ukutha kukankha pa mphindi. Yerekezani kukoka maheu olimba ndi kapaipi: chakudya chilimo chambiri, koma chikufika pakamwa pang'onopang'ono. Magazi akakhuthala chifukwa cha kusowa madzi, mtima sudzaza mokwanira, umatulutsa ochepa pa kugunda kulikonse, ndiye umafulumira kuti ukwaniritse, pamene khungu nalonso likulanda gawo lake pofuna kuziziritsa thupi. Kugunda kofulumira kumene mwaona kukugwirizana ndi zimenezi.

Chodabwitsa n'chakuti othamanga okhwima ambiri amakhala ndi hematocrit yotsikirako, chifukwa kuchita masewera kwa nthawi yaitali kumachulukitsa plasma msanga kuposa maselo, ndipo anamwino osazolowera za masewera amafulumira kunena kuti magazi achepa. Alipo obadwa ndi magazi okhuthala n'kumapambanabe, monga Eero Mäntyranta wa ku Finland, amene anatenga mamendulo agolide pa Olimpiki ya 1964, koma ameneyo chinali chibadwa cha m'banja mwawo. Kukhala pamalo okwera kumachulukitsa maselo ofiira, koma kukwera kwa Lusaka, mamita pafupifupi 1,280, sikungafotokoze 52. Kuno si ku Iten ku Kenya, kumene ndi mamita 2,400.

Muyezeni pa sikelo asanayambe ndiponso akamaliza, atavula malaya onyowa. Kilogalamu iliyonse yotayika ndi lita imodzi ya madzi, ndipo akataya zoposa 2 peresenti ya kulemera kwake kukutentha chonchi, liwiro limatsika. Ndikupemphanso kuti ayezedwe sickle cell, vuto lotengera ku makolo limene limapinda maselo ofiira ngati chikwakwa, popeza kuno kwathu onyamula chibadwa chimenechi osadziwa ndi ambiri, ndipo kwa iwo kutentha, ludzu ndi kuthamanga kodzikakamiza zikakumana, munthu akhoza kugwa pabwalo.

Mphunzitsi wa othamanga, Matero:
Zikomo kwambiri a Dokotala ndi Mayi. Lachiwiri ndinabwereka sikelo: analowa pabwalo ndi makilogalamu 58, anatuluka ndi 55.9, ndipo botolo lake la madzi ndinalipeza m'chikwama lili lodzaza, ati amaopa kuti madzi amubaya m'nthiti akamathamanga. Lero m'mawa hematocrit yatuluka 46. Ndasunthira masewera olemetsa ku 5 koloko m'mawa, ndipo akumamwa pang'onopang'ono akamapumira.

Mayi woyeza magazi m'labu, Kabwata:
Nambala ya 46 imeneyo muilembe m'buku lake pamodzi ndi ola limene inatengedwa, kuti tikadzamuyezanso mvula ikagwa tidzakhale ndi poyerekezera. Zotsatira za sickle cell zituluka Lachisanu, ndipo kufikira tsikulo musamuthamangitse masana.