Nsapato zabwino koma si zotchipa kwenikweni, ndilembe chiyani?

Wansapato ku Limbe: Abale, ndithandizeni mawu. Ndimagulitsa nsapato zachikopa za kaunjika, zosankha ndekha belo likangotsegulidwa. Pa WhatsApp ndinalemba kuti "nsapato zotchipa", koma mayi a kunyumba akuti ndifufute, ati anthu aziyesa zija zimamatuka soli mvula yoyamba. Ndipo kunena zoona, zangazi si zotchipa kwenikweni. Ndikungofuna anthu amve kuti akagula, ndalama yawo siipita pachabe. Ndinene bwanji?

Mphunzitsi wopuma, Zomba: Alamu akunena zoona, achimwene. "Kutchipa" kumangokamba za mtengo, sikunena kanthu za katunduyo, ndipo munthu akati "wavala zotchipa" sakukuyamikirani ayi. "Zotsika mtengo" ndi mawu aulemu, koma wogula amva ngati mwatsitsa, ndiye abwera atakonzeka kunenerera mpaka mutuluke thukuta. Otsatsa malonda pa wailesi amakonda "mtengo wosaboola m'thumba" kapena "mtengo wozizira". Onsewa ndi abwino, kungoti akusowa mnzake. Liwu limodzi lonyamula zonse ziwiri musavutike kulisaka. Gwirizanitsani awiri: "zolimba, pamtengo wosaboola m'thumba". Muyambe ndi kulimbako.

Mayi wa tomato, Lizulu: Ine za sukulu ayi, koma msika ndimaudziwa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ukakuwa kuti "zotchipa!" anthu amangoseka n'kudutsa. Kasitomala amati wagula bwino akaona basela. Mulu wa tomato womwewo, mtengo womwewo, koma ndikaponya awiri pamwamba, mawa abwera ndi mnzake. Inu bambo, ikanipo zingwe zatsopano, muzipukute ndi polishi, pepala lija m'kati kuti ziime bwino. Zolembazo pambuyo.

Wa ku Chipata: Kuno timati mbasela, ndipo kaunjika wanuyo ndi salaula. Koma pa nsapato mbasela sithandiza ngati soli ndi yakutha, amayi. Ine wogulitsa akandiuza kuti "izi muvala mpaka mutope nazo", ndimapinda nsapatoyo pakati, n'kuyang'ana ulusi. Ikapirira, sindinenereranso kwambiri.

Wansapato ku Limbe: Zikomo nonse. Ndalemba kuti "Zachikopa zenizeni, zolimba, muvala mpaka mutope nazo. Mtengo tikambirana." Zingwe ndikagula Loweruka, amayi a ku Lizulu, koma polishi yekhayo aliyense akagule wake.