Ana a Mzuzu Kunja: za ntchito ya care ndi unesi

Tiwonge (Chibavi): Monire nonse, achimwene ndi achemwali. Pepani ndabwera ndi funso usiku. Ndatha zaka ziwiri ndikugwira ngati attendant pa kiliniki ina kuno ku Mzuzu, koma mtima wanga uli pa unesi. Pali bambo wina akuti ndimupatse ndalama andipezere ntchito ya care ku UK, unesiwo ndikaphunzirire komweko. Kodi mwa ntchito mumagwirazo, ndi iti imafikitsa munthu ku unesi msanga?

Mayi a Wongani (Leeds): Iwe mwanawe, usamupatse ngakhale tambala. Kuyambira pa 22 Julaye 2025 boma la kuno linatseka zolemba ma care worker ochokera kunja. Bambo ameneyo akugulitsa mbuzi ili m'thumba. Ndipo ngakhale kale khomo lili chitsegukire, kulipiritsa munthu kuti umupezere ntchito kuno ndi mlandu.

Chikondi (Cape Town): Ameneyo ndi dobadoba basi. Amakumana nawe kuti, pa depoti?

Tiwonge (Chibavi): Ku Katoto, achimwene. Amabwera ndi mapepala ooneka bwino ndithu.

Mayi a Wongani (Leeds): Mapepala aliyense amapulinta. Koma funso lako ndi labwino, ndiliyankhabe, poti alipo ena m'gulu muno amene ali kale kuno ndipo akuzunguzika nazo. Ine ndagwira ntchito ziwiri za care. Ndinayambira domiciliary, ija yoyenda khomo ndi khomo. Umafika kwa gogo uyu mphindi 30, kumusambitsa, kumupatsa mankhwala, kuthamangira basi kupita kwa wina. Tsiku lonse uli wekha. Palibe nesi woti umuonerere, palibe wokufunsa kuti ukufuna kudzakhala ndani. Kampani yomwe ndinali inkangowerengera nthawi yomwe ndili m'nyumba, ya mumsewu ayi. Ndinatha chaka, chomwe ndinaphunzira ndi misewu ya Leeds.

Kenako care home. Kumeneko zinasinthako. Ukapeza nursing home, yomwe imakhala ndi nesi usana ndi usiku, umaona momwe amatsukira zilonda, momwe amalembera, momwe amalankhulira ndi achibale a wodwala. Koma mashifiti a maola 12, msana umachita kulira.

Lusungu (Manchester): Amayi anena zoona, koma ine ndiikira kumbuyo chipatala. Healthcare assistant, wothandiza manesi mu NHS (zipatala za boma kuno), umayambira Band 2 kapena 3 pa magiredi a malipiro. Ndalama sizisiyana kwambiri ndi care home, koma uli pa wodi. Umayeza BP, shuga, kutentha kwa thupi, umamva madokotala akukambirana pa round. Chachikulu ndi makwerero. Ku England kuli udindo wa nursing associate, Band 4, maphunziro ake zaka ziwiri ukugwira ntchito ndi kulandira malipiro, ndipo umalembetsedwa ku NMC, bungwe loyang'anira manesi kuno. Ukatero umawonjezera pang'ono n'kufika pa registered nurse, Band 5. Amakutumiza ndi abwana ako, nchifukwa chake pa interview ine ndimafunsa chinthu chimodzi: mwatumiza anthu angati kusukulu chaka chathachi? Akayamba kukanda m'mutu, dziwa kuti ukalambira pompo.

Mayi a Wongani (Leeds): Ukunena bwino Lusungu, koma uwauzenso kuti malo amenewo salowa ngati m'tchalitchi. Amafuna English ndi masamu za kuno, amayang'ananso zaka zomwe wakhala m'dziko muno ndi mtundu wa visa yako. Komanso ukasintha abwana, atsopanowo akupatse CoS yatsopano, chikalata cha abwana chopezera visa. Osasiya ntchito usanaione ndi maso.

Chikondi (Cape Town): Kuno ku Joni musanamizidwe. Home-based carer ndi ntchito yosamala gogo kunyumba kwake, basi. Timasukulu ta miyezi itatu tadzaza, timapereka setifiketi yokongola koma SANC, bungwe loyang'anira manesi kuno, siidziwa. Musanalipire fizi, onani ngati sukuluyo ili pa mndandanda wa SANC. Mlamu wanga anavala yunifomu yoyera miyezi isanu ndi umodzi, lero akusita zovala ku Bellville.

Anganya Mhone (Dallas): Ndadzuka mochedwa, kuno kukadali masana. Ku America CNA, wothandiza manesi, ndiye poyambira, lamulo la dziko limati maphunziro asachepere maola 75, ma state ena amawonjezera. Kenako LPN, nesi wa giredi yotsika, pafupifupi chaka, kenako RN, nesi wathunthu, ndi mayeso a layisensi a NCLEX. Makwerero ndi oonekeratu, vuto ndi pepala lolowera ndi fizi. Koma Tiwonge, bwanji tikukuzungulitsa dziko lonse pamene sukulu zili pakhomo pako? MSCE yako ili bwanji?

Tiwonge (Chibavi): Ma credit ndili nawo asanu ndi limodzi, koma Biology ndinangokhoza pass.

Anganya Mhone (Dallas): Ndiye ndalama ukufuna kupatsa dobadobayo lipirira night school, ulembenso Biology. Mzuni ili pa Luwinga pompo, digiri ya unesi ndi uzamba zaka zinayi. Koleji ya unesi ya St John's ili m'tauni momwemo, ya Ekwendeni ndi minibasi imodzi. Ukamaliza, ulembetse ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ugwireko ku Mzuzu Central manja azolowere.

Lusungu (Manchester): Apa anganya mwalasa. Ine ndili ndi zaka zinayi kuno ndipo unesi sindinaufikebe. Mnzanga amene tinkakhala naye ku Chiputula anatsala, anamaliza digiri, analemba mayeso a English a OET ndi a unesi a pa kompyuta (CBT), anabwera kudzalemba a prakitiko (OSCE), lero ndi Band 5 ndipo pa wodi amandituma ine. Timaseka, koma usiku zimandiwawa.

Tiwonge (Chibavi): Koma ndinamva kuti manesi a ku Malawi saloledwa kubwera kumeneko?

Mayi a Wongani (Leeds): Sichoncho. Malawi ili pa red list chifukwa manesi kwathu ndi ochepa, ndiye ma agent ndi zipatala za kuno saloledwa kubwera kudzakopa anthu. Koma iwe mwini ukaona ntchito n'kufunsira wekha mwachindunji, palibe choletsa. English yokha ndiyo imagwetsa ambiri: pa mayeso a IELTS amafuna 7, kupatula writing 6.5. Uattendant wakowo usaupeputse, munthu amene wasinthapo zofunda za wodwala samathawa pa wodi chaka choyamba.

Tiwonge (Chibavi): Yewo chomene amayi, zikomo nonse. Mawa ndikafunsa za night school. Nanga bambo uja akaimbanso ndimuuze chiyani?

Chikondi (Cape Town): Umupatse nambala yanga, umuuze kuti achimwene ako akufunanso kupita.

Mayi a Wongani (Leeds): Chikondi usiye chipongwe. Tiwonge, mlongo wanga akubwera kuno mwezi wamawa, ukamusiyire usipa wa ku Nkhata Bay ku Zolozolo, mabuku a IELTS a Wongani akakubweretsera pobwerera.