Mnzanga wa kuntchito akuti Obama anabadwira ku Kenya: kodi ndi tsankho, nanga ndiwayankhe bwanji?

Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndakhala ku Indiana zaka 14, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Pali mayi ena achizungu amene timagwira limodzi usiku, aakulu kwa ine, ndipo sindingabise, andichitira zabwino zambiri. Nditachitidwa opaleshoni ndi iwowo ankabwera ndi mphika wa supu, n'kumakanditengera mwana kusukulu sabata ziwiri zathunthu.

Lamlungu lapitali ndinawaitana kudzadya nsima. Mwana wanga wa zaka 10 anabwera ndi ntchito yake ya kusukulu, chipepala chachikulu chomatapo zithunzi za mapulezidenti a America. Analoza Obama n'kunena kuti nayenso akadzakula adzapikisana nawo, poti anabadwira konkuno. Mayiwa anaika foloko pansi, anamwetulira, n'kunena kuti ameneyo sanayenere kukhala pachipepalapo, anabadwira ku Kenya, chikalata chake cha kubadwa n'chopeka. Sanakweze mawu, ankangonena ngati akukamba za mvula. Mwana anandiyang'ana. Ine ndinanyamuka kukatenga ndiwo kukhitchini, pamene ndiwo zinali zikadalipo patebulo. Usiku womwewo ndinamupeza atatulutsa chikalata chake cha kubadwa mu envelopu imene ndimasungamo mapasipoti, akuwerenga dzina la chipatala ndi chala. Anandifunsa kuti, "Amayi, changachinso akhoza kunena kuti n'chabodza?"

Kuti nkhaniyo ndi yabodza, ndikudziwa. Obama anabadwa pa 4 Ogasiti 1961 ku Honolulu, bambo ake a ku Kenya, mayi ake Ann Dunham a ku Kansas. Nyuzipepala ziwiri za ku Honolulu zinalemba za kubadwa kwake mwezi womwewo. Anaonetsa chikalata mu 2008, anthu anati n'chachifupi. Anaonetsa chachitali pa 27 Epulo 2011, anati chakonzedwa pa kompyuta. Ngakhale Donald Trump, amene anaikoleza nkhaniyi mu 2011, anavomera pamaso pa atolankhani mu Seputembala 2016 kuti Obama anabadwira mu America. Chimene chikundisowetsa tulo ndi china. Munthu akamakakamirabe bodza limeneli mpaka lero, ndiye kuti ali ndi tsankho mumtima, kapena anangomezedwa ndi ndale ndi zimene amamva pa wailesi? Chifukwa ngati ndi tsankho, ndiye kuti mwana wanga amamuona bwanji pomwe akumupatsira maswiti? Ndiwakhazike pansi, kapena ndingotalikirana nawo mwakachetechete?

Bambo a Tamanda: Chemwali, pepani ndithu. Ine ndikuti ndi tsankho, ndipo umboni wake ndi John McCain, mzungu amene anapikisana ndi Obama yemweyo mu 2008. McCain anabadwiradi kunja kwa zigawo za America, ku Panama Canal Zone, mu 1936. Funso litadzuka, nyumba ya malamulo ya Senate inagwirizana kuti ndi nzika yobadwa nayo, nkhani n'kuthera pomwepo. Palibe amene anamulondola zaka 8 kumufunsa mapepala. Wobadwira ku Hawaii ndiye anasautsidwa. Kenako Kamala Harris, wobadwira ku Oakland mu 1964, anamuyambanso zomwezo mu 2020, Nikki Haley wa ku South Carolina mu 2024. Onsewa chimene akufanana n'chakuti si azungu ndipo aliyense ali ndi kholo lochokera kunja. Mwangozi zingachitike katatu konse?

Mphunzitsi wopuma: Bambo a Tamanda, zimene mwanenazo n'zoona, koma musasiye mbali ina. Ted Cruz, amene anabadwira ku Calgary ku Canada, Trump anamuthira nkhani ya unzika mu 2016 pomwe ankalimbirana mpando m'chipani chimodzi. Kale kwambiri, cha m'ma 1880, Chester Arthur, mzungu, ankamunenera kuti anabadwira ku Canada. Malamulo awo amati pulezidenti akhale nzika yobadwa nayo, ndiye wandale aliyense wofuna kugwetsa mnzake amathamangira chida chimenecho. Pamene ndikugwirizana nanu ndi apa: za Cruz zinatha chisankho cha m'chipani chitangotha, za Obama sizinathe ngakhale chikalata chili pamaso. Oyambitsa amafuna mavoti. Koma kuti bodza limere mizu chotere, pamafunika anthu amene mumtima anali atanena kale kuti munthu wa khungu lotere, wa dzina lakuti Hussein, sangakhale wathu.

Wa ku Chipata: Ife a ku Zambia izi tinaziona ndi maso, ndipo onse anali akuda. Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa, ku Chinsali, mu 1924, analamulira dziko kuyambira 1964 mpaka 1991. Atafuna kubwereranso, boma la Chiluba linasintha malamulo mu 1996 kuti wopikisana pa upulezidenti makolo ake onse awiri akhale a ku Zambia, podziwa kuti makolo a Kaunda anachokera ku Nyasaland. Mu 1999 khoti la ku Ndola linafika ponena kuti alibe dziko, munthu amene anatilandirira ufulu. Chiluba nayenso otsutsa anamutengera kukhoti kuti ndi wa ku Zaire. Ife a kum'mawa zinatiwawa kwambiri, chifukwa malire anadutsa pakati pa midzi yathu, agogo anga ena manda awo ali ku Mchinji. Ndiye musamangoti khungu. Muzu wake ndi mtima woti "ife ndife eni nthaka, inu ndinu obwera". Ku America mtima umenewo umayendera khungu, kwathu kuno umayendera mtundu ndi chilankhulo.

Nachisale: Kumudzinso tisadziyeretse. Ndani sanamvepo zoti Kamuzu amene anatsika ndege pa Chileka mu 1958 sanali Kamuzu weniweni koma munthu wa ku America dzina lake Richard Armstrong? Umboni wake unali woti ankalankhula Chingerezi pamisonkhano, wina n'kumamasulira. Malume anga anamwalira akukhulupirira zimenezo, ndipo sanali munthu wachidani. Anali ndi mkwiyo ndi ulamuliro umene unawazunza, ndipo nkhaniyo inkawapepuza mtima. Sindikuikira kumbuyo mayiwo, ndikungoti fufuzani kaye chimene bodzali likuwachitira iwo.

Mwini funso: A Nachisale, ndakumvani, koma malume anu ankanena za munthu amene anali ndi mphamvu pa iwo. Awa anena pamaso pa kamwana kamene kalibe mphamvu pa aliyense, kali ndi bambo wa ku Africa ngati Obama yemweyo. Apa ndi pamene pakundipweteka.

Anamwino a ku Leeds: Mayi, yambani ndi mwana, mayiwo abwere pambuyo. Iye anaona kuti munakhala chete, ndipo mwana amawerenga chete wa kholo ngati kuvomera. Mukhale naye pansi lero lomwe, chikalata chija chili m'manja, mumuuze mosapita m'mbali kuti azakhali aja analakwitsa, Obama anabadwira ku Hawaii, iyenso ndi nzika yobadwa nayo ndipo akadzakwanitsa zaka 35 palibe chomuletsa. Mumuuzenso kuti munasowa chonena chifukwa anali mlendo pakhomo, osati chifukwa ankanena zoona.

Za mayiwo, musapite ndi mulu wa maumboni. Munthu amene anakana chikalata cha boma la Hawaii sangagonje ndi zimene mwasindikiza pa intaneti. Musayambenso ndi mawu akuti tsankho, adzangotseka makutu n'kuyamba kukuwerengerani supu uja. Auzeni zimene munaona usiku uja, envelopu, chala pa dzina la chipatala, funso la mwana. Kenako muwafunse funso limodzi: "Mwana wangayu akadzaima, mudzafuna aonetse chiyani kuti mukhulupirire kuti ndi wa kuno?" Mukatero mukhale chete, ayankhe okha.

Bambo a Tamanda: Ndipo akadzati "uyu ndi wosiyana, uyu ndimamudziwa", musasangalale nazo msanga. Dziko lonse silidzamudziwa mwana wanuyo ngati mmene akumudziwira iwo.

Mwini funso: Zikomo nonse. Mwana ndalankhula naye madzulo ano, wafunsa ngati azakhali akewo adzabwerenso, ndamuuza kuti sindinaganize. Mayiwo tili limodzi Lachinayi usiku, ndipo cha m'ma 2 koloko odwala akagona timakhala awiriwiri pa tebulo la mankhwala. Ndidzawafunsa pamenepo. Chimene sindinathe kusankha n'chakuti, akadzapepesa chifukwa cha mwana koma n'kuumirirabe kuti Obama ndi wa ku Kenya, ndidzawalolenso kulowa m'nyumba mwanga kapena ubale uthere kuntchito. Amene munakumanapo ndi zotere, munatani?